Baibulo ndi limodzi, nanga bwanji timasiyana pa za kubweranso kwa Yesu?

Tinagona pamaliro ku Kawale usiku wina mu Okutobala 2025. Amayi anali m'nyumba ya siwa akusinthana nyimbo, ife abambo tili panja titazungulira moto wa zitsa. Pamaliro nkhani sizisowa. Inayamba ya mizere ya mafuta, kenako ya mtengo wa feteleza, ndipo pofika pakati pa usiku tinali pa uthenga umene unayenda pa WhatsApp ndi TikTok mwezi wam'mbuyo, wakuti mkwatulo, kutanthauza kutengedwa kwa okhulupirira kukakumana ndi Yesu m'mwamba, uchitika pa 23 kapena 24 Seputembala. Anaulengeza ndi bambo wina wa ku South Africa amene ankati Yesu anamuonekera. Masiku awiriwo anadutsa, ndipo pa 25 kunacha monga kumachera.

Mwana wa achemwali anga, amene amaimba kiyibodi ku mpingo wina wachipentekoste ku Area 25, anati bamboyo anaphonya tsiku lokha, koma mkwatulo uli pakhomo. Alamu anga a Seventh Day anapukusa mutu. "Mwanawe, mkwatulo wamseri m'Baibulo mulibe. Akamabwera, diso lililonse lidzamuona." Bambo wina wa Mboni za Yehova, woyandikana ndi nyumba ya malirowo, anati Khristu anayamba kale kulamulira mu 1914. Amalume, amene akhala mkulu wa mpingo wa CCAP kwa zaka zambiri, anangosonkheza moto n'kufunsa kuti, "Kodi ana inu, buku limene mukuwerengali ndi limodzi?"

Funso limenelo landikhala m'mutu kuchokera usiku umenewo. Buku ndi limodzi ndithu. Chimene chimasiyana ndi kawerengedwe, ndipo kawerengedwe kalikonse kali ndi kumene kanachokera, mwini wake amene anakayambitsa, ngakhale chaka chimene kanayamba. Ambiri timaganiza kuti zimene tinamva kwa abusa athu zinatuluka mwachindunji m'Malemba, osadziwa kuti zinadutsa m'manja mwa anthu ambiri zisanafike pa guwa la mpingo wathu.

Tiyambe ndi pamene tonse timagwirizana, chifukwa ndi pakulu kuposa mmene phokoso limaonetsera. Pa Machitidwe 1:11 angelo anauza ophunzira kuti Yesu adzabwera monga mmene anamuonera akupita. Chikhulupiriro cha Atumwi, chimene amachinena Lamulungu ku Maula, ku Msonkhamanja ndi ku St Peter's, chimati adzabwera kudzaweruza amoyo ndi akufa. Chikhulupiriro cha ku Nicaea, cha mu 325 chimene chinakonzedwanso mu 381, chimanena zomwezo. Akufa adzauka, chiweruzo chidzakhalapo, zoipa zidzatha. Ngakhale abale athu achisilamu amakhulupirira kuti Isa adzabweranso, ngakhale kuti amazifotokoza mwa njira yawo. Mkangano uli pa zinthu zimene zikhulupiriro zakalezo sizinatchule n'komwe: zimene zidzachitike iye asanafike, tanthauzo la zaka 1,000 ndi dzina la chilombo, zotchulidwa m'buku la Chivumbulutso.

Mabuku olankhula mophiphiritsa

Ulosi wambiri umene timakanganirana umachokera m'mabuku awiri, Danieli ndi Chivumbulutso. Mabuku awa sanalembedwe ngati nyuzipepala ya mawa. Ndi mtundu wa kalembedwe umene Ayuda ankaudziwa bwino, wa masomphenya, zilombo, nyanga ndi manambala, ndipo unkakula m'nthawi imene anthu a Mulungu anali pansi pa ulamuliro wankhanza. Dzina lachigriki la buku lomaliza ndi apokalupsis, kutanthauza kuvundukula, monga mayi avundukula mphika kuti muone zimene zili m'kati.

Ife a chigawo chapakati sitiyenera kuvutika kumvetsa kalankhulidwe kotere. Amene anakulira kumudzi amadziwa kuti chilombo cha gule wamkulu chikatuluka pabwalo chimakhala ndi mwambo wake, ndipo wongoona nsanza ndi nthenga sanaone kanthu. Amene anakhalako m'nthawi ya chipani chimodzi amakumbukiranso mmene anthu ankalankhulira mokuluwika m'basi, kutchula Fisi ndi Kalulu pamene aliyense akudziwa amene akunenedwa. Danieli mwiniwake amamasulira: pa chaputala 7 akuuzidwa kuti zilombo zinayi zotuluka m'nyanja ndi maufumu. Yohane, mlembi wa Chivumbulutso, ali pa chisumbu cha Patmos, akulemba za mkazi wotchedwa Babulo wokhala pa mapiri asanu ndi awiri. Mkhristu wa ku Efeso kapena ku Smurna sakanafunsa kuti mzinda wa mapiri asanu ndi awiri ndi uti. Unali Roma.

Apa ndi pamene njira zimapatukira. Ena amati zambiri za m'Chivumbulutso zinakwaniritsidwa kale m'masiku a Roma. Ena amati bukuli ndi mbiri ya mpingo yotambasuka kuyambira kwa atumwi mpaka kumapeto, ndipo akonzi a mpingo monga Martin Luther ankawerenga chotero, n'kuloza chala kwa Papa kuti ndiye wokana Khristu. Poyankha, ansembe awiri achiJesuit anatulukira mbali ziwiri: Francisco Ribera cha m'ma 1590 anati zambiri zili m'tsogolo kutali, Luis de Alcázar anati zinachitika kalekale. Palinso amene amati masomphenyawa ndi chithunzi cha nkhondo ya Mulungu ndi zoipa m'badwo uliwonse. N'zochititsa chidwi kuti kawerengedwe kokankhira zonse m'tsogolo, kamene lero kali m'kamwa mwa alaliki ambiri a pa depoti, kanakulitsidwa poyamba ndi wansembe wachikatolika.

Nkhondo, njala ndi zivomezi

Palibe chaputala chimene chimalalikidwa m'maminibasi a ku Mchesi ndi Chinsapo kuposa Mateyu 24. Namondwe wa Freddy atagumula Soche mu Malichi 2023, kolera itapha anthu oposa 1,700 m'nyengo yomweyo, kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala chaka chomwecho, vesi lake linali lomweli: kudzakhala nkhondo, njala ndi zivomezi. Sindimunyoza munthu amene amamva choncho. Ukaika m'manda abale atatu sabata imodzi, dziko lako latha ndithu.

Koma tiwerenge chaputalacho kuyambira pamwamba. Ophunzira akusirira miyala ya Kachisi, Yesu akuti sipadzatsala mwala pamwamba pa unzake. Iwo akufunsa mafunso awiri ophatikizana: zimenezi zidzachitika liti, ndipo chizindikiro cha kubwera kwanu n'chiyani? Yankho nalo likuphatikiza ziwirizo, ndipo vuto lonse la omasulira lagona pa kulekanitsa ulusi umodzi ndi unzake. Za nkhondo ndi mbiri za nkhondo, Yesu akuti musadere nkhawa, chimaliziro sichinafike. Njala ndi zivomezi akuzitcha chiyambi chabe cha zowawa. Mawu amene timawagwiritsa ntchito poopseza anthu ananenedwa powakhazika mtima pansi.

Kenako akuti amene ali ku Yudeya athawire kumapiri, ndipo apemphere kuti kuthawako kusadzachitike m'nyengo yozizira kapena pa Sabata. Ganizirani bwino. Dziko lonse likamatha, phiri la Bunda kapena la Nkhoma lingakubiseni? Malangizo amenewa ndi a nkhondo ya malo amodzi. Ndipo inabweradi: m'chaka cha 70 asilikali a Roma motsogozedwa ndi Titus anazinga Yerusalemu n'kugwetsa Kachisi, patapita zaka pafupifupi 40 Yesu atanena kuti m'badwo uno sudzatha zisanachitike izi. Wolemba mbiri ya mpingo Eusebius amati Akhristu a mumzindamo anathawira ku Pella, kutsidya kwa Yordano. Za tsiku lalikulu lenilenilo, vesi 36 ikuti palibe amene akudziwa, angelo ayi, Mwana ayi, koma Atate okha.

Mkuyu wa pa vesi 32 nawo wavutitsidwa kwambiri. Dziko la Israel litakhazikitsidwa pa 14 Meyi 1948, alaliki ambiri a ku America anati mkuyu waphuka, ndipo m'badwo ndi zaka 40, choncho 1988 ndiye malire. Munthu wina dzina lake Edgar Whisenant anafalitsa kabuku ka zifukwa 88 zoti mkwatulo uchitika chaka chimenecho. Chitadutsa, ena anayamba kuwerengera kuchokera mu 1967, ena anatalikitsa m'badwo kufika zaka 70 kapena 80. Koma pa Luka 21:29 fanizo lomwelo likuti onani mkuyu ndi mitengo yonse. Ndi fanizo la mlimi, longa lathu lakuti masamba a mitengo ya m'thengo akayamba kufiira ndiye kuti mvula yayandikira.

Zaka 1,000

Ulamuliro wa zaka 1,000 umatchulidwa pamalo amodzi okha m'Baibulo lonse, Chivumbulutso 20, m'mavesi ochepa. Satana akumangidwa, ophedwa chifukwa cha Yesu akukhala ndi moyo n'kulamulira naye. Pa mavesi amenewa pamangidwa nyumba zitatu.

Yoyamba imati Yesu adzabwera kaye, kenako adzalamulira pansi pano zaka 1,000 zenizeni. Si maganizo atsopano. Justin Martyr ndi Irenaeus, a m'zaka za m'ma 100, ankakhulupirira chotero, ndipo n'zomveka: mpingo wozunzidwa umafuna kuona chilungamo pa nthaka yomweyo imene magazi anakhetsedwapo. Mipingo yambiri yachipentekoste, kuphatikizapo Assemblies of God, ili m'nyumba imeneyi.

Yachiwiri inamangidwa ndi Mwafrika. Augustine, bishopu wa ku Hippo, dera limene lero ndi Algeria, amene anamwalira mu 430, anaphunzitsa kuti 1,000 ndi nambala yophiphiritsa nthawi yonse ya pakati pa kubwera koyamba ndi kwachiwiri. Satana anamangidwa kale pa kubwera koyamba kwa Yesu, Khristu akulamulira tsopano, ndipo adzabwera kamodzi kokha kudzaukitsa akufa ndi kuweruza. Akatolika, a Anglican, a Lutheran ndi mipingo ya Reformed kwakukulu anatsata njira imeneyi. N'chifukwa chake amalume anga, amene anakulira pa katekisma wa Nkhoma, samva mutu wa nkhani za machati ndi madeti. Ndime yomaliza ya Chivomerezo cha ku Belgium, chimodzi mwa zimene Sinodi ya Nkhoma inalandira kwa amishonale a Dutch Reformed, imangonena za kubwera kumodzi ndi chiweruzo chimodzi. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa ndime 676, amakana poyera chiyembekezo cha ufumu wa Mesiya wokhazikika m'mbiri ya dziko lino chiweruzo chisanafike.

Yachitatu imati Uthenga Wabwino udzafalikira mpaka dziko lidzakhala pamtendere nthawi yaitali, kenako Yesu adzabwera. Amishonale ambiri a m'zaka za m'ma 1800 anali ndi chiyembekezo chotere pomanga masukulu ndi zipatala. Nkhondo ya 1914 inachiphwanya kwambiri.

A Seventh Day ali ndi kakhonde kawokawo: Yesu abwera poyera, oyera mtima apita naye kumwamba zaka 1,000, dziko likhala bwinja, kenako Yerusalemu Watsopano atsika.

Mkwatulo ndi kuchingamira

Tsopano tifike pa chimene mwana wa achemwali anga amachikonda. Mawu akuti kukwatulidwa alimo m'Baibulo, pa 1 Atesalonika 4:17. Palibe Mkhristu amene amakana kuti okhulupirira adzakwatulidwa kukakumana ndi Ambuye. Chimene chili chatsopano ndi chiphunzitso chakuti kukwatulidwako ndi chochitika chapadera, chachinsinsi, zaka zisanu ndi ziwiri Yesu asanaonekere poyera, kotero kuti oyendetsa minibasi adzasowa pa chiwongolero ndipo otsala adzalowa m'chisautso chachikulu.

Amene anachikonza bwinobwino ndi John Nelson Darby, m'busa wa ku Ireland amene anachoka mu mpingo wa Anglican n'kukhala mtsogoleri wa gulu la Plymouth Brethren cha m'ma 1830. Darby anagawa mbiri m'nyengo zosiyanasiyana, n'kunena kuti Mulungu ali ndi mapulani awiri, ena a Israel ena a mpingo. Anatenga masabata 70 a pa Danieli 9, n'kuti 69 anatha pa nthawi ya Yesu, koma sabata lomaliza linaimitsidwa ndipo lidzayambiranso mpingo ukadzachotsedwa. Zaka zisanu ndi ziwiri za chisautso zimachokera pamenepo. Mu 1909 Cyrus Scofield anatulutsa Baibulo lokhala ndi ndemanga za chiphunzitsochi m'munsi mwa tsamba lililonse, ndipo owerenga ambiri sanasiyanitsenso mawu a pamwamba ndi a pansi. Kuchokera ku America chinafika kuno kudzera m'masukulu a Baibulo, timabuku, mafilimu oonetsa m'matchalitchi, ndipo lero pa foni.

Ine chimene chimandikayikitsa ndi vesi lomwelo. Paulo akunena za mfuu, mawu a mngelo wamkulu ndi lipenga la Mulungu. Chinsinsi chanji cholira ndi lipenga? Ndipo liwu lachigriki lomasuliridwa kuti kukumana, apantesis, linkagwiritsidwa ntchito pamene nzika zituluka mumzinda kukalandira mlendo wolemekezeka panjira n'kubwerera naye. Likupezekanso pa Machitidwe 28:15, pamene abale a ku Roma anatuluka kukakumana ndi Paulo panjira n'kulowa naye mumzinda, komanso pa anamwali khumi otuluka kukalandira mkwati. Chichewa chili ndi liwu lake lenileni: kuchingamira. Mlendo wamkulu akamafika pa bwalo la ndege la Kamuzu, anthu amakwera malole kupita ku Lumbadzi, koma sapita kukakhala ku Lumbadzi. Amabwerera naye m'tauni akuimba. Amayi a Mvano akachingamira m'busa watsopano pa msewu, amamuperekeza kunyumba ya mpingo. Ngati Paulo ankaganiza chotero, ndiye kuti vesili likunena za kulandira Mfumu yobwera kudziko lake, osati kuthawa m'dzikomo.

Okhulupirira mkwatulo wapadera ali ndi mayankho awo, ndipo si anthu osawerenga. Amaloza pa 1 Atesalonika 5:9, kuti Mulungu sanatiikire mkwiyo, pa lonjezo la ku mpingo wa Filadelfiya loti udzasungidwa ku nthawi ya kuyesedwa, ndi pa Yohane 14 pamene Yesu akuti adzabwera kudzatitenga. Amatchulanso, pa Mateyu 24, awiri a m'munda ndi akazi awiri opera pamphero, mmodzi kutengedwa wina kusiyidwa. Koma mavesi a pamwamba pake akunena za masiku a Nowa, ndipo amene anatengedwa m'masiku a Nowa ndi amene chigumula chinawakokolola. Chimene chimandipweteka ndi chakuti chiphunzitso cholonjeza kuti mpingo sudzaona chisautso chinabadwira kumaiko amene mpingo unali pamtendere. Sindikudziwa mmene mungachilalikire kwa Mkhristu wa kumpoto kwa Nigeria kapena ku Cabo Delgado m'dziko la Mozambique.

Owerengera kalendala

Mipingo iwiri mwa imene inali pa moto paja, ya Seventh Day ndi Mboni za Yehova, ili ndi mizu m'masamu a Danieli. William Miller, mlimi wa mpingo wa Baptist ku New York, anatenga masiku 2,300 a pa Danieli 8:14, n'kuti tsiku limodzi ndi chaka chimodzi, n'kuyamba kuwerenga mu 457 Khristu asanabadwe. Otsatira ake anakhazikika pa 22 Okutobala 1844. Ena sanakolole mbewu zawo. Tsikulo litadutsa panali kulira kwakukulu. Kagulu kena kanati deti linali lolondola koma chochitikacho chinali cha kumwamba, kuti Khristu analowa m'gawo lomaliza la ntchito yake m'kachisi wakumwamba. Kaguluka ndi kamene kanakhala Seventh-day Adventist mu 1863, ndipo kuyambira pamenepo mpingowu suikanso deti. Unafika kuno mu 1902, pa malo a ku Thyolo amene anatchedwa Malamulo.

Charles Taze Russell anawerengera nthawi zisanu ndi ziwiri za pa Danieli 4 kukhala zaka 2,520, n'kufika pa 1914. Iye ankayembekeza kuti maufumu a dziko atha chaka chimenecho. Pambuyo pake gulu lake, limene linatenga dzina la Mboni za Yehova mu 1931, linaphunzitsa kuti 1914 ndi pamene Khristu anayamba kulamulira mosaoneka. Amamasulira liwu lachigriki parousia kuti kukhalapo, osati kubwera. Zaka za 1925 ndi 1975 nazo zinayembekezeredwa kwambiri, ndipo mu 1980 utsogoleri wawo unavomereza kuti zofalitsa zawo zinathandizira kukweza chiyembekezo cha 1975.

Deti la 1914 lili ndi mbiri yake m'dziko muno, ndipo ambiri sitiidziwa. Elliot Kamwana, Mtonga wa ku Nkhata Bay amene anaphunzira za Watch Tower, gulu la Russell lija, kwa Joseph Booth ku South Africa, anabwerera kwawo mu 1908 n'kulalikira kuti mu 1914 ufumu watsopano ufika, msonkho utha, ulamuliro wa azungu utha. M'miyezi yochepa anabatiza anthu oposa 9,000. Boma la atsamunda linamuchotsa mu 1909 ndipo sanaloledwe kubwerera kwawo mpaka 1937. Atsamunda anamva chimene ife nthawi zina timachiphonya: kwa munthu wosauka, uthenga wa kubweranso kwa Yesu si masamu. Ndi mawu akuti bwana amene akukupondayu si womaliza.

Nambala ya chilombo

Pa Chivumbulutso 13 akuti palibe amene adzagule kapena kugulitsa popanda chizindikiro pa dzanja lamanja kapena pamphumi, ndipo nambala yake ndi 666. Yohane akuti wanzeru awerengere, chifukwa ndi nambala ya munthu. M'Chihebri ndi m'Chigriki zilembo zinalinso manambala. Dzina lakuti Nero Kaisara likalembedwa m'zilembo za Chihebri limakwana 666, ndipo likalembedwa motsata katchulidwe ka Chilatini limakwana 616, nambala imene imapezekadi m'mipukutu ina yakale. Nero ndi mfumu imene inapha Akhristu ku Roma moto wa mu 64 utachitika. Si onse amene amavomereza kumasulira kumeneku, ndipo Irenaeus yemwe uja anayesa maina angapo n'kulangiza kuti kuli bwino kudikira kusiyana ndi kulota maina.

Chofunika kwambiri ndi chimene chizindikirocho chikuimira. Pa Deuteronomo 6 Aisraeli anauzidwa kumanga malamulo a Mulungu pa dzanja ndi pamphumi. M'Chivumbulutso momwemo atumiki a Mulungu nawo ali ndi chidindo pamphumi, ndipo palibe amene amati chimenecho ndi kachipangizo ka kompyuta. Nkhani yake ndi ya kulambira: mutu wako ndi manja ako ndi za yani? M'chaka cha 250 mfumu ya Roma Decius inalamula kuti aliyense apereke nsembe kwa milungu n'kulandira kalata ya umboni, ndipo makalata ena otero anapezeka ku Egypt.

Amalawi tinalawako zofanana nazo. Akuluakulu amakumbukira ayufi ovala malaya ofiira ataima pa chipata cha msika ndi pokwerera basi: wopanda khadi la chipani sankalowa. Mboni za Yehova zinakana khadilo chifukwa cha chikumbumtima, zinaletsedwa mu 1967, zinamenyedwa, nyumba zawo zinatenthedwa, zikwi zambiri zinathawira ku Zambia ndi Mozambique mu 1972, ndipo chiletso chinachotsedwa mu 1993. Kaya mumagwirizana ndi chiphunzitso chawo kaya ayi, bambo uja wa pa moto anali ndi zipsera za m'banja mwake zimene ife tinalibe. Ngati mufuna kumvetsa chaputala 13, yambirani pamenepo: ulamuliro umene ukufuna ulemu woyenera Mulungu yekha, n'kutseka msika kwa okana.

Koma taonani kumene mantha athu amaloza. Pa kalembera wa ziphaso za unzika mu 2017 mphekesera zinamveka kuti ndi 666. Katemera wa Covid-19 atafika mu 2021 zinamvekanso, ndipo mu Meyi chaka chimenecho boma linawotcha katemera woposa 19,000 amene anatha nthawi asanagwiritsidwe ntchito, mbali ina chifukwa anafika atatsala ndi masiku ochepa, mbali ina chifukwa anthu ankaopa. Msuweni wanga wina wa ku Mtandire, mayi wa ana anayi, anakana kujambulitsa chiphaso chifukwa mlaliki wina anawauza kuti chala chimene mudinde ndi pangano ndi chilombo. Feteleza wotsika mtengo atayamba kugulidwa ndi chiphaso, iye analibe. Chaka chimenecho kamunda kake ka kumudzi kanatulutsa matumba awiri. Ndinamuona akuyeza ufa ndi kambale kakang'ono kuti ukwane mpaka Loweruka, ndipo mlaliki uja anali atasamukira kwina kalekale. Palibe amene anamufunsa mayiyo kuti akane Yesu. Anangomufunsa dzina, mudzi ndi mfumu yake.

Zimafika poipa kuposa apo. Ku Kanungu m'dziko la Uganda, gulu limene linalengeza kuti dziko litha kumapeto kwa 1999 linauza anthu kugulitsa katundu wawo. Tsikulo litadutsa anthu anayamba kufunsa, ndipo pa 17 Malichi 2000 mazana anawotchedwa m'nyumba yopemphereramo. Pamodzi ndi mitembo yopezeka m'maenje, akufa anaposa 700. Ku Shakahola m'dziko la Kenya, mu 2023 anafukula mitembo yoposa 400 ya anthu, pakati pawo ana ambiri, amene anauzidwa kusala kudya mpaka akakumane ndi Yesu. Matendawa ndi akale. Ku Atesalonika komwe ena anasiya ntchito poganiza kuti tsiku la Ambuye lafika, ndipo kalata yachiwiri ya Paulo ikuwauza kuti asagwedezeke ndi mzimu, mawu kapena kalata, ndipo amene safuna kugwira ntchito asadye.

N'chifukwa chake ine, ndikamva ulaliki wa masiku otsiriza, sindiyamba ndi kufunsa kuti mlalikiyu ali m'nyumba iti mwa zitatu zija. M'nyumba zonsezo muli anthu oopa Mulungu. Ndimayang'ana chimene ulalikiwo ukuchita kwa omvera. Kumapeto kwa Mateyu 24 ndi m'chaputala 25, Yesu akupitiriza ndi kapolo wopatsa anzake chakudya pa nthawi yake, anamwali osunga mafuta, antchito ochita malonda ndi ndalama za mbuye wawo, ndipo pomaliza Mfumu yofunsa za anjala, odwala ndi a m'ndende. Kudikira konse kumene iye akufotokoza ndi kwa manja otanganidwa.

Kutacha tinanyamula maliro. Kumanda m'busa anawerenga 1 Atesalonika 4 yomwe ija, ndipo ndinazindikira chimene usiku wonse tinachilumpha. Paulo sanalembe mavesi amenewo poyankha funso la madeti. Anthu a ku Atesalonika anali ataika abale awo m'manda, ndipo ankaopa kuti omwalirawo adzaphonya tsiku la Ambuye. Iye akuwauza kuti akufa mwa Khristu ndi amene adzayambe kuuka, n'kutseka ndi mawu akuti tonthozanani ndi mawu awa. Mayi wamasiye anali atakhala pansi, mutu utatsamira pa phewa la mchemwali wake, ndipo pa vesi limenelo anatukula nkhope. Adzukulu atatopa, fosholo inayamba kuyenda m'manja mwa achibale. Mwana wa achemwali anga anaponya dothi kangapo n'kupatsira alamu a Seventh Day, iwo anapatsira bambo wa Mboni uja, ndipo amalume, amene msana suwalolanso kuwerama, anaima kumutu kwa manda atagwira nkhata ya maluwa kudikira kuti mtumbira ukwere.